Nsomba Yofiira M'kati

Ndiyambe ndi kunena kuti za nsomba zija sanali maganizo anga. Ine ndinkafuna kuphika nkhuku ya kumudzi, mpunga ndi chibwabwa chotendera, zakudya zoti munthu wamkulu akadya sakhala ndi funso. Koma Terrance ali ndi matenda amodzi: pakamwa pake pamafika iye mwini akadali m'njira.

Ndine Elinati, kwathu ndi ku Zemba, ndipo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Nditamaliza Giredi 12 ndinakaphunzira zophikaphika ku Chipata miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pano ndimakhala ndi atsibweni anga, a Lovemore, pa boma pa Chadiza. Terrance Sakala ndinakumana naye mu minibasi. Anandilandira chikwama cha mipeni, nachifungatira ngati mwana ulendo wonse, akulankhula yekha, ine ndikungoyang'ana pawindo. Papita miyezi isanu ndi itatu tsopano.

M'miyezi yonseyi amayi ake, Amayi Philomena Sakala, omwe ndi mkulu wa azimayi ku tchalitchi cha Pentekosite, sanandiuzepo mawu oposa "uli bwanji". Chifukwa chake aliyense akuchidziwa. Atate anga ndi a gule, ndipo sabisa.

*

Lachiwiri masana ndikusankha nyemba, meseji ya Terrance inalowa.

"Eli, nkhani yabwino! Amami avomera kuti udzaphike Loweruka. Kukubwera abusa ndi amayi busa ochokera ku Lusaka."

Mtima unagunda mpaka nyemba zinatayika. Ndinalemba, ndikufufuta, ndikulembanso. "Avomera okha kapena wawakakamiza?"

"Okha. Ndangowaonetsa chithunzi chija."

"Chithunzi chiti?"

Anandibwezera chithunzi changa chomwe. Ndinachijambula tsiku la mayeso ku Chipata: tizidutswa ta nsomba, kunja kokutidwa ndi chitowe, pamwamba timango toduladula. Aphunzitsi anandiyamikira pamaso pa kalasi yonse tsiku limenelo, ndiye ndinamutumizira Terrance kuti naye adziwe kuti sindingokhala chete, pali china chimene ndimatha. Kudzitama kamodzi kokha m'moyo, taonani kumene kwandifikitsa.

Ndinamuimbira.

"Terrance, imene ija ndi tuna. Nsomba ya m'nyanja ya mchere. Pa Chadiza pano ndikaivuula kuti, pa mjigo?"

"Atsibweni ako si akuchoka ku Beira ndi thiraki Lachinayi? Ndawaimbira kale. Akuti abweretsa."

"Wawaimbira atsibweni anga?"

"Ndi munthu womasuka kwambiri."

"Iwe unailawapo nsomba imeneyi?"

"Ayi, koma ikuoneka ya ku hotela. Amami ndawauza kuti zimenezi ngakhale ku Lusaka ndi ochepa amazitha."

"Tamvera bwino. Nsomba imeneyi amangoiwaula kunja, m'kati imatsala yofiira. Ndi mmene imadyedwera. Ukaipsetsa imauma ngati chiguduli."

"Eli, chochokera m'manja mwako ine ndidya. Ngakhale mwala."

Ndinadziwa kuti sanamve. Terrance akamalankhula mokoma chonchi, makutu amakhala atawapachika penapake.

*

Atsibweni anafika Lachisanu dzuwa litapendeka, atasenza bokosi la ayezi paphewa.

"NaMbewe, tabwera uone bwana wako. Wakhala mpando wakutsogolo kuchokera ku Beira. Pa malire pa Chanida anandifunsa kuti mwanyamula chiyani, ine ndati mlendo wolemekezeka, musamudzutse."

Nditatsegula ndinapeza minofu iwiri yaitali, yofiira bwino, yozizira mpaka zala kuwawa. Ndinainunkhiza. Inalibe fungo lililonse koma la madzi amchere. Kunena zoona ndinasangalala, ngakhale ndinali nditakwiya masiku atatu.

"Koma iyi ndi nsomba kapena ng'ombe?" anafunsa atsibweni akusuzumira. "Minga ili kuti?"

"Ilibe, atsibweni."

"Ndiye uiwiritse kwambiri. Anthu a mapemphero aja chinthu chofiira sachionera kukondwa."

"Siiwiritsidwa."

Anandiyang'ana, nayang'ana nsomba, kenako anakanda m'mutu. "Aa. Kaya. Sukulu munapita ndinu."

*

Loweruka ndinafika kwa a Sakala m'mawa, chitenje chatsopano m'chiuno, bokosi pamutu. Magetsi anali atapita kale, ndiye zonse zinali pa mbaula kuseri kwa nyumba. Kumeneko ndinapeza Amayi Lonia, mayi wachikulire wa mumpingo amene amaphika pa zochitika zonse, akutsuka mpunga. Ndinapezanso Precious.

Precious amatsogolera nyimbo ku tchalitchi. Amayi ake ndi Amayi Sakala ndi paubwenzi wa kalekale, ndipo iye amawaitana kuti "Mami" ngati nkhani inatha kale. Amadziwa kumene kumakhala masipuni, makapu a alendo, ngakhale kiyi wa kabati. Ine ndinkachita kupempha chilichonse, ngakhale mchere.

"Sisita Elinati, takulandirani," anatero akumwetulira. "Tamva kuti lero tidya za m'ndege."

"Ndi sitata chabe. Tolawa tisanadye chakudya chenicheni."

"Ooh. Kwathu kuno timangoyamba ndi pemphero."

Mayankho anga amabwera mochedwa, nthawi zambiri ndikamasamba mawa lake.

Ndinayala thabwa langa ndikuyamba salisa, ndiye kuti zipatso zoika pamwamba pa nsomba. Mango ndinasankha a dodo ongoyamba kupsa, olimba, oti ukadula sakuphwanyika. Ndinawadula ting'onoting'ono ngati njere za chimanga, chinanazi chimodzimodzi. Kenako anyezi wofiira, tsabola wa kambuzi mmodzi nditachotsa njere, mchere pang'ono, ndi madzi a mandimu awiri. Ntchito imeneyi ndimaikonda. Mpeni ukakhala m'manja manyazi amandichoka.

"Anyezi mu mango?" Precious anaima kumbuyo kwanga. "Amayi Lonia, tabwerani mudzaone. Ku Zemba mumadya chonchi?"

"Ndi za kusukulu."

"Ana akatsegula m'mimba tidzati ndi za kusukulu."

Terrance anatulukira pakona atavala shati yoyera, natola zitumbuwa ziwiri m'beseni la Amayi Lonia. Chimodzi anachimeza pafupifupi chathunthu.

"Shefu wanga ali bwanji?" ananong'ona.

"Choka, amayi ako angationere limodzi."

Anapita akutafuna chachiwiri, dontho la mafuta litagwera pa thumba la shati.

Chinangwa ndinachidula mopyapyala ndikuchikazinga kuti chikhale pokhazika nsomba. Kenako ndinakupiza mbaula mpaka makala onse anayera, ndikuikapo chiwaya chopanda kanthu kuti chitenthe mpaka kufuka. Mnofu woyamba ndinaupukuta, ndikuuthira mchere, ndikuugubuduza mu chitowe. Utagwera m'chiwaya unalira kuti tswee! Ndinawerenga chamumtima mpaka makumi anayi, ndikutembenuza. Mbali zinayi, basi, ndinauchotsa.

"Wayiwala chiyani?" anafunsa Amayi Lonia.

"Yapsa, amayi."

"Yapsa? Ine mpunga sindinavundukule n'komwe."

Nditaudula unatuluka ndendende ngati wa pa mayeso: mzere wotuwa kunja, m'kati mofiira ngati chivwende. Ndinatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe. Ndinalowa m'nyumba kukapempha thireyi, ndipo Precious anatenga nthawi yake yonse kufunafuna kiyi amene anali m'manja mwake.

Pobwera ndinapeza thabwa lili lopanda kanthu.

"Ndakuthandiza, mwanawe," anatero Amayi Lonia akuvundula poto wa supu ya tomato. Tizidutswa tanga tinkabwata m'menemo, titatuwa kale, chitowe chikuyandama pamwamba. "Ukanachita manyazi pamaso pa abusa. Usathokoze, ndi ntchito yathu akuluakulu."

Ndinathokoza. Ndinagwada pang'ono ndikuthokoza, chifukwa ndi mmene ndinaleredwera.

Mnofu wachiwiri ndinauwaula nditaima pakati pa mbaula ndi Amayi Lonia ngati mlonda. Tizidutswa khumi ndi tiwiri. Chinangwa pansi, nsomba pakati, salisa pamwamba. Thireyi sindinaisiyenso pansi.

*

M'chipinda chochezera munali abusa a ku Lusaka ndi akazi awo, madikoni awiri, Amayi Sakala pampando wawo wa pafupi ndi khomo, ndi Terrance pa situlu pakona. Precious anali atazungulira kale ndi madzi osamba m'manja. Ndinagwada ndikuika thireyi patebulo.

"Koma ndiye zokongola!" anatero amayi busa, natambasula dzanja.

"Mami," Precious analankhula motsitsa, koma motsitsa moti aliyense amve. "Muli magazi."

Dzanja la amayi busa linabwerera pa chitenje.

Amayi Sakala anatola kachidutswa kamodzi, nakatembenuzira ku kuwala kwa pawindo. "Mwanawe, makala anakuthera?"

"Ayi, amayi. Imaphikidwa choncho. Si magazi, ndi mtundu wa mnofu wake." Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana wa Giredi 1.

"Wati chiyani?"

"Si magazi."

Dikoni wina anakonza kukhosi. "Mawu amatiletsa kudya magazi. Zimenezo n'zolembedwa, si za ine."

"Ine sindikunena kanthu," anatero Precious akupinda thaulo. "Kungoti kumadera kwina zofiirazi zimakhala ndi ntchito yake. Munthu umadya osadziwa kuti walowetsedwa chiyani."

Palibe anatchula Zemba. Palibe anatchula atate. Koma onse anandiyang'ana ngati ndalowa ndi nthenga kumutu.

Amayi Sakala anatembenukira pakona. "Terrance. Si iwe unatisowetsa mtendere sabata yonse ndi chithunzi? Yamba ndiwe, alendo aone."

Ndinapuma. Ndinati basi, zatha, adya kamodzi, aseka, anena zake zija, aliyense amasuka. Ndinamutengera mbale ndikuyenda chogwada mpaka pamene anakhala.

Terrance anayang'ana nsomba. Anayang'ana ine. Anayang'ananso nsomba, ndipo ndinaona thukuta likutuluka pamphuno pake.

"Amami," anatero, "ine lero ndili pa kusala."

"Aleluya!" anatero abusa akumenya pa bondo. "Achinyamata otere akusowa masiku ano."

Ine maso anga anali pa dontho la mafuta a chitumbuwa pa thumba la shati yake.

Sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinatola kachidutswa kaja ndikukaika m'kamwa, nditagwada pomwepo pamaso pa abusa. Kanali kabwino. Ndikunena izi osati modzitama: chinangwa chinali khrupu, nsomba yofewa ngati peyala, mandimu ndi tsabola zikubwera pambuyo. Ndinatafuna misozi ili m'maso, ndikutola kachiwiri.

"Chotsa, mwanawe," anatero Amayi Sakala mofatsa. "Precious, bweretsani chakudya."

Ndili kukhitchini ndinamva abusa akuyamikira nsomba ya mu supu, kuti sanadyepo yokoma chotere, yopanda ndi minga yomwe. Ndinamvanso Precious akuyankha kuti, "Tinayesetsa kuipulumutsa, abusa."

*

Terrance anandipeza kuseri ndikukwecha chiwaya ndi mchenga. Chinali chitayera kalekale, koma ndinkakwechabe.

"Eli."

"Musandiyandikire, a mneneri, ndingakudetseni."

"Eli, tamvera."

"Kusalaku kunayamba nthawi yanji?"

Anayang'ana pansi. "Cha m'ma thwelofu."

"Zitumbuwa zitatsika."

"Ukudziwa, ine chinthu chofiira chimandichititsa nseru kuyambira ndili mwana. Ngakhale nkhuku sindizinga. Ndikanasanza pamaso pa abusa, ndiye zikanakhala bwino?"

"Ndinakuuza pa foni kuti m'kati imakhala yofiira!"

"Ndinkayesa ukunena za tomato."

"Tomato?"

"Pa chithunzi paja zinkaoneka ngati tomato."

Ndinaika chiwaya pansi bwinobwino, chifukwa ndinaopa chimene dzanja langa likanachita nacho. Mnyamata uyu anavutitsa atsibweni anga kuchokera ku Beira, anandiika pamaso pa mpingo ndi thireyi m'manja, chifukwa cha chinthu chimene ankayesa tomato.

"Unati ngakhale mwala udya."

"Mwala ndikanadya, Eli. Mwala si wofiira."

Choipa n'chakuti ndinatsala pang'ono kuseka, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. Ndinamuuza kuti achoke. Anayenda masitepe atatu, nabwerera.

"Koma usadandaule. Zonse zikonzeka mawa. Amami akuuza."

"Andiuza chiyani?"

Wina anamuitana m'nyumba, ndipo anathamanga mosangalala ngati wamasulidwa pa chingwe.

*

Alendo atapita kukaona malo omangapo tchalitchi chatsopano, ndinalowa m'khitchini kukatenga mipeni yanga. Ndinaima pakhomo. Amayi Sakala anali okha, atatembenukira kukhoma, mbale yanga ya salisa ili m'manja, akudya ndi sipuni yaikulu. Pa thireyi ndinasiya tizidutswa khumi. Tinalipo tisanu ndi titatu.

Anandiona. Sanabise mbale, sanachitenso manyazi. Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Tsabola wachepa," anatero. "Khala pansi."

Ndinakhala pa mkeka, miyendo nditapinda.

"Manja uli nawo. Zimenezo ndaona. Amayi Lonia aphika mumpingo muno zaka makumi awiri, koma anyezi amadula ngati akuwaza nkhuni." Anaika mbale pambali. "Ndipo ndikudziwa kuti si magazi. Ndinagulitsapo nsomba ine, sindine mwana."

"Ndiye bwanji simunanene, amayi?" Funsolo linatuluka lokha, ndipo ndinadzigwira pakamwa.

"Chifukwa nkhani si nsomba. Ukanaphika nkhuku, akanati nkhukuyo yazingidwira kuti. Ukanaphika nyemba, akanapezamo china." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ukudziwa kwathu?"

"Ayi."

"Ku Zingalume. Atate anga anali ngati atate ako. Ng'oma zikalira, iwo ndiwo ankatsogolera."

Ndinadzutsa mutu. Terrance sanandiuzepo zimenezi. Mwina naye sadziwa.

"Pamene ndinkalowa m'banja lino, ndinaima kutsogolo kwa mpingo. Ndinatchula dzina la atate anga, ndikunena kuti za kwathu ndazidula, sindilinso mwana wa nyumba imeneyo. Anandipempherera, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe anayang'ananso m'mbale mwanga. Mawa abusa a ku Lusaka aitana anthu kutsogolo. Ukaime. Ukatchule dzina. Ukatero, Lolemba lomwe ndituma anthu kwa atsibweni ako, ndipo Precious ndimuuza ndekha kuti abweze kiyi wa kabati."

Ndinaganiza za atate akupalasa njinga kuchokera ku Zemba mwezi uliwonse, thumba la mtedza kumbuyo, kudzakweza pa minibasi kuti ndisagone ndi njala ku Chipata. Sanandiletsepo kupita ku tchalitchi. Baibulo langa loyamba anandigulira ndi iwo, nalikutira ndi pepala la shuga kuti lisade.

"Ndikaganize kaye, amayi. Ndiyambe ndalankhula ndi Terrance."

"Terrance?" Anadabwa zenizeni. "Iye si ndiye anakalembetsa dzina lako ku tchalitchi Lachinayi? Anati wavomera."

Lachinayi. Tsiku limene ankanditumizira timitima pa foni ndi kundifunsa ngati mandimu ndapeza.

Ndinatola mipeni yanga umodziumodzi ndikuikulunga mu nsalu. Pakhomo ndinatembenuka. Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu.

"Amayi, atate anu anatani atamva?"

Anayang'ana mbale ya salisa ija, naikankhira kutali pang'ono.

"Sanakalipe. Anali munthu wofatsa." Anakonza chitenje pa bondo. "Kungoti sanadyenso chophika ine mpaka tsiku limene tinawaika."

*

Ndinabwerera wapansi, bokosi lopanda kanthu pamutu, dzuwa likadali lotentha. Pafupi ndi msika foni inanjenjemera. Terrance.

"Amami akuti mwalankhulana bwino!! Waona? Ndinakuuza. Ndi mawu chabe Eli, mphindi ziwiri. Uvale zoyera."

Ndinayamba kulemba yankho lalitali, loyamba ndi zitumbuwa, lopita ku tomato, lokathera pa Lachinayi. Ndisanamalize foni inalira. Nambala ya a Micheal, a golosale ya kwathu ku Zemba, kumene atate amakabwereka foni.

"Elinati? Ndine, mama." Atate amafuula pa foni ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo. "Atsibweni ako akuti waphika nsomba ya ku nyanja yaikulu, yopanda minga. Akuti anadulako kachidutswa n'kubisa mu furiji ya aneba kuti nane ndilaweko. Zoona?"

Sindinkadziwa n'komwe kuti atsibweni anachita zimenezo. "Ngati atero ndiye kuti ilipo, atate."

"Eya! Ine zaka zonsezi kumangomva kuti mwana akuphunzira, akuphunzira. Mawa ndidye za sukulu yako. Njinga ndapopa kale, ndinyamuka kukangoyera. Amayi ako akupatsira nkhuku, akuti ukapatse amayi a mnyamata uja, asamati ndife anthu osadziwa ulemu."

"Atate, mawa ndi Lamulungu. Ndikhala ku..."

"Ndikudziwa, mama, ukhala ku mapemphero. Usajombe chifukwa cha ine. Si tchalitchi chija cha malata obiriwira, cha zokuzira mawu zija zimamveka mpaka kumsika? Ndikupeza komweko. Sindilowa, ndingawasokoneze. Ndikhala panja pansi pa mtengo, ndizimvera nyimbo mpaka mutuluke."

Ndinaima pakati pa msewu, wa njinga wina akundiimbira belu.

"Elinati? Ukundimva? Mayunitsi a eni ake awa."

"Ndikukumvani, atate."

"Nanga wangoti zii bwanji? Ndisabwere?"

Meseji ina ya Terrance inalowa foni ili kukhutu. Sindinafunike kuiwerenga kuti ndidziwe kuti akundikumbutsa nthawi.

"Bwerani, atate," ndinatero. "Muyende bwino."